Kodi nyumba yakale ya pa famu ya fodya ingatetezedwe ndi lamulo?

Mdzukulu wa ku Chiparamba:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pamalo amene agogo anga anatisiyira pali nyumba ya mzungu wina amene ankalima fodya kale. Makoma ake ndi a njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi, ndipo ndi ochindikala kwambiri moti ngakhale mu Okutobala mkati mumakhala mozizira. Khonde linazungulira mbali zitatu, khitchini ili payokha kuseri, ndipo chapatali pali mabalani awiri opanda denga. Amalume akufuna kuigumula kuti njerwazo amangire khola la nkhumba, koma ine mtima ukukana. Kodi lamulo likuti chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Chipata:
Mwachita bwino kufunsa musanagwire piki. Lamulo la dziko la Zambia la 1989 limene linakhazikitsa bungwe losamalira zinthu zakale la National Heritage Conservation Commission limateteza chomanga chilichonse chimene chinalipo pasanafike pa 1 Januwale 1924, ndipo kuchigumula kapena kuchisintha popanda chilolezo cha bungweli ndi mlandu. Choncho chaka chimene nyumbayo inamangidwa ndicho chofunika kudziwa poyamba. Azungu anayamba kutsegula mafamu kuno Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, pamene kampani ya North Charterland inkagulitsa malo ozungulira Fort Jameson, amene lero ndi Chipata. Fodya anapindulitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1920, koma mitengo itagwa cha mu 1928 ambiri anasiya mafamu awo. Fufuzani m'mapepala a malowo, ndipo mulembere bungwelo kalata yokhala ndi zithunzi.

Mmisiri wa ku Katete:
Ine ndilankhulepo za makoma okha. Musayerekeze kumata simenti pakhoma lomangidwa ndi dothi, chifukwa simenti imatsekera chinyezi mkati, ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka kuyambira pansi. Ndinaonapo khoma lotere limene kunja linkaoneka losalala, koma nditaligogoda ndi chipande linalira ngati ng'oma, mkati muli dothi lokhalokha. Laimu ndiye woyenera popeza amalola khoma kuuma. Khondelo musamalione ngati chokongoletsa chabe, pakuti ndilo limatchinga mvula ndi dzuwa kuti zisafike pakhoma. Yambani ndi kutseka malata odontha, kenako muone ngati chiswe sichinalowe m'mitanda.

Mayi wa ku Mtenguleni:
Mwanawe, nyumbayo isungidwe ndithu, koma ndikufunseni kuti tidzakhala tikusunga mbiri ya yani? Agogo anga aakazi ankasimba mmene anasamutsidwira pa nthaka yachonde kupita ku malo opanikizana amene boma la atsamunda linapatulira anthu akuda, ndipo amuna awo ankachezera usiku wonse akusonkhezera moto m'mabalani kuti apeze ya msonkho. Njerwa zimenezo anaumba ndi anthu athu, nkhuni zowotchera anasenza ndi iwo, koma pakhondepo sankaloledwa kukhala. Mukamalemba kalata yanuyo, musatchule nyumba yokha. Mutchulenso mabalani, khitchini ya kuseri ndi pamene panali komboni ya antchito, ndipo nkhalamba zimene zikukumbukira muzifunse zidakali moyo.

Mdzukulu wa ku Chiparamba:
Zikomo nonse. Amayi, pamene panali komboni ndikupadziwa, pali mitengo ya mango ndi mafuwa akale. Loweruka ndikakhala pansi ndi amalume, ndipo ndawapempha kuti za kholazo ziyambe zaima kufikira bungwelo litayankha.