Ndatsatira njira ya ku Bulgaria masabata 7, lero dzanja likukana kugwira puleni

A Admin, chonde ndibiseni dzina. Anyamata amene ndimanyamula nawo zitsulo ali pagulu pompano, akadziwa kuti ndine andiseka mpaka mvula idzagwe.

Akuluakulu, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka 5 kuseri kwa nyumba ya mnzanga, pansi pa mtengo wa mango. Ndikati zitsulo ndikungolemekeza. Ndi simenti yoponda m'zitini za penti, paipi ya madzi pakati, ndi benchi lomwe ndinakhoma ndekha ndi zidutswa za paini. Zaka zonsezo tinkangopopa chifuwa ndi mikono kuti malaya azithina, miyendo ili ngati ya kakowa.

Zinasintha mu 2024, nthawi ya Olimpiki ya ku Paris. Ndinaona pa foni mnyamata wa ku Bulgaria, Karlos Nasar, wa zaka 20 zokha, m'gulu la anthu olemera mpaka makilogalamu 89, akuzula makilogalamu 224 pansi, kuwafikitsa pamapewa, kenako n'kuwakankhira pamwamba pa mutu. Matumba a chimanga 4 ndi theka amenewo! Ndinabwereza kuonera mpaka bandulo inatha. Kuyambira tsiku limenelo benchi linandiipira, mtima unapita pa zonyamula ziwiri za pa Olimpiki: snatch, yomwe chitsulo chimachoka pansi mpaka pamwamba pa mutu kamodzin'kamodzi iwe ukugwera pansi pake chonjuta, ndi clean and jerk, yomwe umayamba wachilandira pamapewa kaye. Kochi ndilibe. Aphunzitsi anga ndi YouTube ndi ndodo ya nsungwi.

Kanyamulidwe katayamba kulowa m'thupi, ndinafufuza kuti a ku Bulgaria amenewa amakonzekera bwanji. Ndi pomwe ndinakumana ndi dzina la Ivan Abadjiev, kochi amene anaumba timu yawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mfundo yake inali yosazungulira: ukufuna kunyamula zolemera, uzinyamula zolemera tsiku ndi tsiku. Masewera ambiri othandizira anawataya, n'kutsala ndi ochepa, makamaka snatch, clean and jerk ndi masikwati, kunjuta n'kudzuka chitsulo chili kutsogolo pamapewa. Anyamata ake ankalowa mu jimu kangapo pa tsiku, kunyamula kamodzikamodzi, kuwonjezera, kuwonjezeranso, mpaka pomwe thupi lakanira tsiku limenelo. Mawa lake chimodzimodzi. M'manja mwake ndi momwe munadutsa Naim Süleymanoğlu, kamunthu kakafupi ka mamita 1.47, yemwe anathawira ku Turkey mu 1986, ndipo pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988 ananyamula makilogalamu 190 ali m'gulu la makilogalamu 60. Katatu kulemera kwa thupi lake, n'kupitirirako. Ndinati basi, njira ndi imeneyi, ndiponso ndi ya amphawi: sifuna makina, sifuna kope, ingofuna mtima.

Ndiye ndinayamba. M'mawa 5 koloko ndisanapite ku shedi, madzulo ndikaweruka, kupuma Lamlungu lokha. Masabata 3 oyamba zinkakoma zedi, snatch inachoka pa 52 kufika pa 61. Pofika sabata ya 5 tulo tinayamba kuthawa. Ndikagona thupi lonse kuphwanya, nsima kumangoiyang'ana, 55 yomwe ndinkaiseweretsa ija inasanduka mwala. Ndinkadziuza kuti n'chimene Abadjiev ankafuna, thupi lizolowera. Sabata ya 7, Lachinayi madzulo, ndikulandira clean ya 78, chigongono chinachedwa kutulukira kutsogolo, dzanja lamanja linapindikira m'mbuyo ndipo ndinamva kuti thi! Ndinachitaya pansi, simenti ya mbali imodzi inasweka pawiri, nkhuku za eni nyumba balala. Mayi a mnzangayo anatulukira ndi mthiko m'manja: "Ana inu, mukufuna kundiitanira maliro pakhomo pano?"

Mawa lake tinatenga zidutswazo ndi simenti yotsalayo kukayeza pa sikelo ya venda wina wogula nandolo. Tonse tinkakhulupirira choko chomwe tinalembapo, 36 uku 36 uku. Sikelo inati 34 ndi 39. Miyezi yonseyi ndimanyamula chopendekera osadziwa.

Papita masabata awiri tsopano. Dzanja limapweteka m'munsi mwa chala chachikulu, puleni sindikutha kukankha, mabedi awiri a kasitomala angokhala osamalizidwa ndipo mwini wake wayamba kuimba foni ndi mawu ena.

Pamene pandizunguza mutu ndi apa. Anzanga awiri andipatsa malangizo osiyana, ndipo aliyense akulankhula ngati anakhalako kumeneko.

Woyamba akuti nditengere a ku China. Akuti taona, ku Tokyo anatenga mendulo zagolide 7, ku Paris 5, ndipo Lü Xiaojun anapambana ku Tokyo ali ndi zaka 37, pomwe anzake ambiri anapuma kale. Iwo sathamangira mapeto, cholemera chomaliza chomwe thupi lingathe, tsiku lililonse. Amabwereza kanyamulidwe ndi zopepukirapo mpaka kakhale koyera, amachita masikwati ambiri, kukoka chitsulo cholemera mpaka m'chiuno, ndiponso masewera omanga msana, mapewa ndi mimba ngati omwe timachita ife opopa thupi. Zimenezi zandisangalatsa chifukwa zina mwa izo simenti yathu ingakwanitse. Koma ndikaona momwe Lü amakankhira chitsulo n'kugwera pansi chonjuta mpaka matako kutsala pang'ono kukhudza zidendene, ndimadziwa kuti ameneyo mafupa ake anawapinda akadali mwana. Ine chiuno changa chinauma ndi kuwerama pa benchi la ukalipentala.

Wachiwiri ndi wophunzira pa yunivesite, amachita lendi ku Chikanda. Iye akuti nzeru zili kwa a Soviet Union, amene ankawerengera chilichonse. Chaka ankachigawa m'magawo, nyengo yomanga mphamvu, nyengo yonolera mpikisano, nyengo yopuma, ndipo zonyamula zambiri zinkakhala zapakatikati, osati zothera mphamvu zonse. Anandijambulira papepala tebulo la kochi wawo wina, Prilepin: ukanyamula pakati pa maperesenti 70 ndi 80 a mapeto ako, uchite ka 3 mpaka ka 6 pa ulendo umodzi, zonse pamodzi pafupifupi 18 pa tsikulo, pakati pa 80 ndi 90, ka 2 mpaka ka 4, zonse pamodzi 15, kupyola 90, kamodzi kapena kawiri basi. Akuti Vasily Alekseyev, amene anaswa marekodi a dziko lonse 80, anachokera kumeneko. Pepalalo n'lokongola. Koma maperesenti 75 ndiwapeza bwanji pa jimu yomwe zolemera zake zimadumpha kuchoka pa 40 kufika pa 52, ndipo manambala ake omwe ndi abodza?

Ndinaganizako zotengako pang'ono uku pang'ono uku, koma paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Ndiye ndithandizeni, makamaka inu amene munanyamulapo ndi mpiringidzo weniweni. Munthu wogwira ntchito ya manja tsiku lonse, wodya nsima ya matemba a ku Chilwa kapena soya pisi, nyama mwina kamodzi pa sabata, njira iti ingamupititse patsogolo osamuphera ntchito? Nanga dzanjali ndilimange ndi bandeji n'kupitiriza miyendo yokha, kapena ndisiyiretu zonse? Sindikufuna kubwerera ku benchi.

Bambo wina wa ku Matawale:
Mphwanga, za Abadjiev wawerenga tsamba limodzi. Anyamata ake analibe mabedi a kasitomala. Ntchito yawo inali kudya, kugona, kunyamula, kusisitidwa thupi, zonse boma likulipira. Ankasankhidwa pa ana ambirimbiri, ndipo amene thupi linawakanira ankangobwerera kwawo mwakachetechete, iwe waona otsalawo. Chinanso, ku Seoul komweko mu 1988 a ku Bulgaria awiri analandidwa mendulo zagolide chifukwa cha mankhwala oletsedwa, timu yonse n'kuchoka pa mpikisano. Ku Sydney mu 2000 atatu analandidwanso mendulo zawo, ndipo ku Rio mu 2016 sanaloledwe n'komwe. Sindikuti enawo ndi angelo ayi, a ku China nawonso analandidwa zagolide zitatu za amayi za ku Beijing mu 2008, a ku Russia mbiri yawo aliyense akuidziwa. Koma njira yonyamula mapeto kawiri pa tsiku ndiyo imadalira kwambiri kuti thupi lichire msanga usiku umodzi. Iwe ukulichiritsa ndi chiyani, thobwa?

Mayi wina wogwira ntchito zachipatala:
Achimwene, za China ndi Bulgaria ziyambe zadikira. Kupweteka kwa m'munsi mwa chala chachikulu dzanja litapindikira m'mbuyo si kosewera nako. Pamenepo pali kafupa kakang'ono kamene kamathyoka munthu n'kumaganiza kuti wangobinya, ndipo kamachedwa kulumikizana chifukwa magazi amafikako ochepa. Nthawi zina pojambula koyamba sikaoneka n'komwe. Pitani kuchipatala akakujambuleni, mukafotokoze momwe munapwetekera ndi tsiku lake. Musalole anzanu alikoke kuti alibwezere. Dzanja limenelo ndi limene limakudyetsani.

Wina:
Adha, kwerani kuphiri mukathandize amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu aja kwa mwezi umodzi. Mukabwerako mudzatiuza ngati Bulgaria ikudziwa kanthu.

Wowotcherera zitsulo wa ku Mpondabwino:
Bwana kalipentala, ine ndikuona kuti chakupwetekani ndi paipi, osati dziko. Mpiringidzo wa pa mpikisano wa amuna umalemera makilogalamu 20, ndi wotalika mamita 2.2, pogwirapo ndi mamilimita 28 okha, ndipo nsonga zake zimazungulira pazokha. Mukatembenuza zigongono, pogwirapo pamatembenuka nanu, mapuleti, zolemera zakunsonga zija, osakukokani. Paipi yanuyo ndi yonenepa, ndiponso yagwirana ndi simenti, ndiye simenti yonseyo ikafuna kuzungulira imapotokola dzanja lanu. Zimatheka kukonza: chitsulo cholimba chamtima, mapaipi awiri afupiafupi ovekera kunsonga, mabering'i akale a galimoto, girisi. Sichifanana ndi chogula, koma chimazungulira. Mapuleti enieni ndi a labala, masentimita 45 kupingasa kwake, ndiye amatayidwa pansi osasweka. Inu umbani anu m'matayala akale, ang'onoang'ono a 1, 2 ndi 5 mudulitse achitsulo, ndipo chilichonse chikwere sikelo musanalembepo nambala.

Mtsikana wina wa ku Ndola:
Musadzione otsalira chifukwa cha simenti. Hidilyn Diaz wa ku Philippines anayambira pa zonyamula zopanga okha, ndipo nthawi ya Covid atatsekeredwa ku Malaysia ankakonzekera ndi nsungwi yomangirira zigubu za madzi. Mu 2021 ku Tokyo anapatsa dziko lake golide woyamba wa Olimpiki, atapambana wa ku China ndi kilogalamu imodzi yokha, kochi wake Gao Kaiwen ali wa ku China komweko. Koma onani, iye anali ndi maso a kochi pa iye. Inu ngakhale foni muziimika pa njerwa cham'mbali, muzidzijambula, muziona pomwe chitsulo chikuthawira kutsogolo.

Bambo wa ku Matawale uja:
Ndiwonjezere pang'ono. Ntchito yako ya ku shedi uziiwerengera ngati jimu yoyamba ya tsikulo. Ukachira, masiku 3 pa sabata akukwanira. Kope la a Soviet ulitenge, chifukwa kulemba n'kumene kukanakuuza pa sabata ya 5 kuti ukutsika. Zomanga msana ndi miyendo za a ku China uzitengenso, sizilimbana ndi kopelo. Kuyesa mapeto, kamodzi pa mwezi. Si mapanga awiri amenewo, a ku China omwewo poyambirira anaphunzira kwa a Soviet.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Amayi a zachipatala, mwandiopsa ndithu, mawa m'mamawa ndikakhala pamzere, bandeji ndamasula. Bambo a ku Matawale, za thobwa zija zandilasa, koma ndamva. Bwana wowotcherera, ndikulemberani kumbali. Ndalama pakadali pano palibe, koma ngati mukusowa mpando kapena shelefu ya m'shopu tikhoza kusinthana dzanja likachira. Chitsulo chamtimacho chikhale cha mtundu wanji kuti chisapindike tikafika pa 100? Mnzanga akuti cha akiselo ya galimoto, koma zomwe taona kwa ogulitsa zitsulo zakale n'zazifupi.