Mwana wanga wapeza 66 pa trail, sindikumvetsa

Mayi_waTulsa:
Abale, ndithandizeni. Loweruka lapitali mwana wanga wamkazi wa zaka 13 anapikisana nawo koyamba pa trail, mpikisano woyendetsa hatchi m'zopinga zosiyanasiyana, pachionetsero chotsata malamulo a bungwe la mahatchi la AQHA (American Quarter Horse Association) kuno ku Oklahoma. M'maso mwanga zonse zinayenda bwino. Geti anatsegula ndi kutseka osataya chingwe. Hatchi inayenda chafutambuyo pakati pa mitengo yoyalidwa ngati L osakhudza. Mlatho wamatabwa, umene imauopa masiku onse, inawoloka osanyinyirika. Ndinangomva kuti kho kawiri pa mitengo yogoneka pansi ija. Koma anamupatsa 66, pamene mnzake, hatchi yake yoyenda modekha ngati yatopa, anapeza 71 ndi theka. Mwanayo walira njira yonse. Woweruza amawerengera bwanji?

Wapakhola_Texas:
Pepani mayi. Aliyense amalowa ali ndi 70. Pa chopinga chilichonse woweruza amawonjezera kapena kuchotsa, kuyambira pa theka mpaka 1 ndi theka. Akalemba 0 ndiye kuti mwachita molondola basi, popanda chogometsa. Zilango zimalembedwa padera. Chiboda chikangokhudza mtengo ndi theka la pointi, chikauponda ndi 1. Kugwetsa mtengo wokwezedwa ndi 3. Kutaya chingwe cha geti, kapena hatchi kukana chopinga, ndi 5, ndipo ikakana kachitatu zonse zimapita, ndi 0.

Ma kho awiriwo ndi pointi imodzi yokha, sangamugwetse mpaka 66. Pali 5 imene yabisala penapake. Kodi dzanja losagwira zingwe za hatchi lija sanachite nalo kanthu?

Mayi_waTulsa:
Mayo ine! Atatsika pamlatho anaisisita pakhosi. Ndinaona, mpaka ndinaomba m'manja chifukwa cha chimwemwe.

Wapakhola_Texas:
Ndi pomwepo. Lamulo limaletsa kuopseza kapena kuyamikira hatchi ndi dzanja muli mkati mwa mpikisano, ndipo chilango chake ndi 5. Tsono werengani nane: 70 kuchotsa 6 ndi 64. Kuti afike pa 66 ndiye kuti woweruza anamuwonjezera 2 pa zopinga. Pakadapanda kusisita kuja anali pa 71, ulendo woyamba. Muuzeni zimenezi usiku uno. Pemphaninso pepala la woweruza ku ofesi, muone zopinga zimene zinamupatsa mapointiwo. Ine ndikuganiza kuti chimodzi mwa izo ndi L uja.

Agogo_aKavalo:
Lamuloli limandiwawa likagwera mwana, chifukwa dzanja lake linatsata mtima wabwino. Komabe woweruza ali patali, sangasiyanitse kusisita kothokoza ndi konyengerera hatchi yamantha, ndiye amalanga zonse mofanana.

Koma mayi, hatchi ya mnzakeyo musaipeputse. Trail si liwiro. Woweruza amafuna hatchi yoyang'ana pamene ikuponda, yoweramitsa mutu n'kuuona mlatho isanakwere, yosankha yokha poika ziboda zingwe zili zolekerera. Yochedwa dala nayo amaichotsera, koma yodekha imadya mapointi. Mdzukulu wanga ndinamuzoloweza kuika dzanja pantchafu kuyambira polowa mpaka potuluka. Akafika kunja aikumbatire mmene angafunire.

Mayi_waTulsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengetsera, wapukuta misozi, akufunsa ngati kulankhula nayo chapansipansi kumaloledwa. Mawa tikayala mitengo inayi kukhola, tiyambe ndi ma kho aja.