Mwana wanga walowa mu khonsolo ya yunivesite, ndimulangize zotani?

Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Ine ndine telala, ndimakhala ku Highfield. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito, Harare akutchedwabe Salisbury, ndipo ana awo tonse tinabadwira konkuno. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ali chaka chachitatu pa yunivesite ina mumzinda muno, ndipo anzake amusankha kukhala mtsogoleri wa bungwe la ophunzira. Tsopano akuti mpando umenewu ukumupatsanso malo mu khonsolo ya sukuluyo.

Lachiwiri anabwera ndi mulu wa mapepala wokhuthala ngati Baibulo, n'kuuika pa tebulo langa lodulira nsalu. Magetsi atazima anayatsa tochi ya foni, kumawerenga manambala mpaka pakati pa usiku, nsima kuzizira m'mbale. Nditamufunsa anangoti, "Adadi, muli nkhani ya fizi umu, koma andiuza kuti ndisauze munthu."

Apa ndi pomwe mtima wanga wagawanika. Anzake anamuvotera kuti akawalankhulire, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo ndi ngati ine, osonkha fizi dola imodzi imodzi. Koma ine ndinakula ndi chitupa chonena kuti ndine mlendo m'dziko lomwe ndinabadwira, mpaka malamulo a dziko a 2013 atationa ngati nzika. Bambo anga ankati kwa eni ake umayenda mowerama, ndiye mantha amenewo sanandichoke. Odziwa tandiuzeni, khonsoloyi ntchito yake yeniyeni ndi yotani? Mwana akatsutsa zokweza fizi pamaso pa akuluakulu, sangadzamulephetse mayeso? Nanga anzakewo awabisire?

Bambo wopuma ntchito, ku Mufakose:
Achimwene, choyamba khazikani mtima pansi pa za mayeso. Ine ndagwira ntchito mu ofesi ya yunivesite mpaka kupuma. Mphamvu zimagawidwa pawiri. Za maphunziro, mayeso ndi kukhoza kwa ophunzira zili m'manja mwa seneti, momwe mumakhala maprofesa ndi akuluakulu a zigawo za maphunziro. Khonsolo ndi yoyang'anira chuma, katundu, bajeti, malamulo a sukulu ndi kulemba ntchito akuluakulu, komanso ndi komwe Vice-Chancellor, mkulu woyendetsa yunivesite tsiku ndi tsiku, amakafotokoza mmene wayendetsera zinthu. Khonsolo sichonga pepala la mwana wanu. Pa mayunivesite a boma kuno Chansala, yemwe ali pamwamba pa Vice-Chancellor, ndi pulezidenti wa dziko, ndipo nkhani ya fizi nduna yoona maphunziro apamwamba imakhalapo ndi mawu, choncho si zonse zimathera m'chipinda chimenecho.

Koma ndikuuzeni chomwe ndinkachiona chaka ndi chaka. Nkhani ya ndalama imaphikidwa mu komiti ya zachuma, ikamafika ku khonsolo yonse imakhala itapsa kale. Mwana wolowa ndi mkwiyo wokha amamumvetsera mwaulemu, kenako amapita pa mfundo yotsatira. Wolowa atawerenga amawaimitsa. Afunse kuti ndalama zowonjezerazo zipita kuti, ophunzira angati analephera kulemba mayeso chaka chatha chifukwa cha ngongole, ndiponso ngati n'kotheka kulipira pang'onopang'ono. Akagonja pa voti, apemphe kuti maminitsi alembe zoti iye anakana. Ndi ufulu wake umenewo.

Mayi wa ku Mbare:
Ine ndikuti asiye mpandowo. Anapitira digiri kumeneko. Fizi mukuvutika nayo ndinu, ikadzavuta palibe wa pagulu pano adzabwere kudzakuthandizani kusoka.

Mlongo wa ku Zomba:
Mayi, mantha anu ndikuwamva, koma khonsolo ikasowa munthu wofunsa mafunso ndi pomwe zinthu zimaonongeka. Ife kuno tinaziona mu 2011. Mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa Dr Blessings Chinsinga pa zomwe anaphunzitsa m'kalasi ku Chancellor College, aphunzitsi ananyanyala ntchito. Khonsolo ya University of Malawi inachotsa ntchito aphunzitsi anayi, mmodzi mwa iwo Jessie Kabwila. Ana anakhala pakhomo miyezi yambiri, mpaka Bingu wa Mutharika analamula mu Okutobala kuti anayiwo abwerere. Amene anataya nthawi ndi ophunzira.

Bambo wa ku Mufakose, kachiwiri:
Ngakhale kuno zinachitikapo. Lamulo la University of Zimbabwe litasinthidwa mu 1990 kuti boma likhale ndi mphamvu zambiri pa sukuluyo, Profesa Walter Kamba, Vice-Chancellor woyamba wachikuda, anatula pansi udindo akudandaula za kulowerera kwa anthu akunja. Za chinsinsi zija ndinaiwala kuyankha. Mapepalawo asawajambule n'kuwaponya pa WhatsApp, pamenepo angamugwire ndi mlandu weniweni wa mwambo. Koma palibe choletsa kuti aitanitse msonkhano wa ophunzira, amve mavuto awo pa fizi, awatengere kumeneko. Apitenso kwa Registrar, mlembi wamkulu wa yunivesite, akapemphe malamulo oyendetsera misonkhano ya khonsolo, adziwe zomwe angaulule msonkhano ukatha.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndi inunso mayi a ku Mbare, chifukwa mwanena zomwe zinali mumtima mwanga. Ndamuwerengera mayankho onse. Mpando akuti sasiya, ndipo ine sindimukakamiza. Mawa m'mawa akupita kwa Registrar. Achimwene a ku Mufakose, mwanayu wafunsa china: kodi wophunzira amaloledwa kukhala nawo mu komiti ya zachuma ija, kapena angapemphe kuona maminitsi ake msonkhano waukulu usanafike?