Akafukufuku obwerabwera m'midzi aja, phindu lake n'chani?

Nabanda wa ku Dwangwa:
Abale tandithandizeni. Kwathu kuno kwabwera anyamata a matabuleti akuyenda khomo ndi khomo, ati ndani wabadwa, ndani watisiya, ndani wasamuka, mpakana kuyeza BP ndi magazi, ndiye akuti azibwera chaka ndi chaka. Mayi anga akanitsitsa kudinda chala, ati magazi anga sapita kwa anthu osawadziwa. Zoterezi zinathandizapo kwinakwake kapena angotidyera nthawi ya kudimba?

Phiri wa pa boma:
Zimathandiza chemwali. Ku Karonga akafukufuku otere anayamba 1979 ndi khate, kenako TB, pano bungwe lawo limatchedwa MEIRU ndipo kuyambira 2002 amalemba kubadwa ndi imfa zonse m'midzi yozungulira Chilumba. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004 ndi kaundula ameneyu anaonetsa kuti maliro a akuluakulu achepadi, chipatala pachokha sichikanadziwa poti ambiri kumudzi amamwalilira pakhomo, mawa lake kumanda, palibe walemba paliponse. Kalembera wa boma amadikira zaka 10, womaliza unali wa 2018, nanga zapakatipo aziona ndani? N'chifukwa chake amabwerabwera. Palinso kafukufuku wina wa Rumphi, Mchinji ndi Balaka, akutsata mabanja kuyambira 1998.

Mlangizi wa zaumoyo, Salima:
Mayiwo musawakakamize chonde, kukana ndi ufulu wawo ndipo kuchipatala azithandizidwa ngati kale. Mantha awo ndikuwamvetsa, mphekesera za anamapopa za 2017 ku Mulanje zija anthu sanaiwale. Inu muwafunse anyamatawo kalata yowaloleza yochokera ku komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC kapena COMREC, fomu akuwerengereni m'Chichewa mpaka kumapeto, mumve magaziwo akayezedwa chani, akasungidwa kuti, ndipo kope limodzi litsale ndi inu.

Bambo a Chisomo, Senga Bay:
Ine za Karonga sindikutsutsa koma chimene chimandiwawa ndi ichi. Kuno ena anabwera kusukulu, ana athu pamzere aliyense kabotolo ka mkodzo m'manja ati tikuyeza likodzo, tinavomera ndi mtima umodzi poti anawa amakhalira m'nyanja ndipo wanga ankakodza magazi ndithu. Kuchoka kwa galimoto lija basi zii, zotsatira sitinazimve, mwana ndinakamupezera ndekha mankhwala. Wotenga kanthu pathupi pa munthu azibweranso kudzanena chimene wapeza, pabwalo la amfumu, m'chilankhulo chathu.

Nabanda wa ku Dwangwa:
Zikomo nonse. Loweruka kuli msonkhano kwa amfumu ndipo anyamatawo akuti abwera, ndikafunsa za kalatayo komanso kuti zotsatira adzatiuza mwezi uti. A BP yokwera amawatumiza kuchipatala kapena amangolemba n'kumapita? Amene akudziwa andiuze lisanafike Loweruka.