Chijeremani cha ku Passau sichikumveka, tiyambire pati?

Nachisale, Senga Bay

Moni nonse. Mng'ono wanga anakhoza mayeso a Chijeremani a mulingo wa B2 ndipo wapeza malo ophunzira unamwino kufupi ndi mzinda wa Passau, m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Atamvetsera anthu a kumeneko pa YouTube, sanatolepo kanthu. Akuti ndi Chibavaria. Kodi ndi chinenero china kapena ndi kapotozedwe ka lilime chabe? Kwatsala miyezi itatu, aphunzire chiyani?

Aphiri, Kaphatenga

Achemwali, choyamba muone mapu, chifukwa si dera lonse la Bavaria limene limalankhula Chibavaria. Ku Würzburg ndi ku Bamberg amalankhula Fränkisch, ku Augsburg Schwäbisch, ndipo malire a kumadzulo ali cha kumtsinje wa Lech. Chibavaria chenicheni, chimene eni ake amati Boarisch, chili ku Oberbayern, Niederbayern ndi Oberpfalz, n'kuwolokera ku Austria pafupifupi yense kupatula Vorarlberg, mpaka ku South Tyrol m'dziko la Italy. Chili ndi nthambi zitatu: cha kumpoto, cha pakati ndi cha kumwera. Passau ali pa mtsinje wa Danube m'malire ndi Austria, ndiye mng'ono wanuyo akufunika cha pakati, chomwenso ndi cha ku Munich, Salzburg ndi Vienna.

Asataye nthawi kuloweza mawu ambirimbiri. Mawu ochuluka ndi omwewo amene akuwadziwa kale, kungoti amasintha motsatira malamulo. Akagwira malamulowo, khutu limatseguka lokha.

Lembo la a nthawi zambiri limamveka ngati o: Wasser ndi Wossa, Tag ndi Dog. Mawu ambiri okhala ndi ei amasanduka oa: heiß ndi hoaß, zwei ndi zwoa, Stein ndi Stoa. Koma achenjere, si onse: Zeit ndi weiß ya mtundu woyera sizisintha choncho, chifukwa ei wake anachokera kwina m'Chijeremani chakale. U wautali nthawi zambiri amakhala ua: gut ndi guad, Bruder ndi Bruada. Chimene chimasokoneza alendo kwambiri ndi l, yemwe akabwera pambuyo pa vawelo amasungunuka n'kukhala i: kalt ndi koid, Holz ndi Hoiz, Schule ndi Schui, viel ndi vui. Kenaka kumapeto kwa mawu kumadulidwa: ich ndi i, mich ndi mi, auch ndi aa, nicht ndi ned. Okonda mpira amadziwa mawu a timu ya Bayern Munich akuti Mia san mia. Amenewo ndi wir sind wir, basi.

Tsiku lililonse atenge lamulo limodzi, alembe mawu khumi a Chijeremani cha m'kalasi, awatembenuze yekha, kenaka akawasake m'zolankhula za eni ake.

Mayi Nabanda, Nkhotakota

Aphiri afotokoza bwino za kamvekedwe. Ine ndiwonjezere za m'chipatala, pakuti okalamba ndiwo amalankhula Chibavaria chozama, makamaka akamamva ululu.

Wodwala akati Fuaß akhoza kutanthauza mwendo wonse, kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi, osati phazi lokha ngati m'buku. Namwino akangolemba Fuß osafunsa, dokotala akayang'ana malo olakwika. Azimupempha wodwalayo kuti aloze pamene pakupwetekapo. Haxn ndi miyendo, Kreiz ndi msana wa m'munsi, Gnack ndi kumbuyo kwa khosi.

Mawu a mbali nawo ndi ofunika ponyamula wodwala anthu awiri. Auffi ndi kukwera, obi kutsika, eini kulowa, aussi kutuluka, zonsezi motalikira wolankhulayo. Akathera ndi a, monga auffa kapena eina, ndiye kuti chinthucho chikubwera kwa iye. Kusiyana kwake n'chimodzimodzi pita ndi bwera.

Pa galamala pali zitatu. Nthawi yakale ya ich ging kapena ich sagte sadzaimva, amati i bin ganga, i hob gsogt. Kukana kawiri sikusanduka kuvomera: koa Geld hob i ned ndi kunenetsa kuti ndalama palibiretu. Ndipo kumidzi ihr ndi euch amati es ndi enk, mneni n'kuthera ndi ts, monga es habts. Pa nthawi ya mankhwala, dreiviertel drei ndi 2:45, osati 3:45. Apa pokha asachite manyazi kufunsa kawiri.

Che Jafali, Chipoka

Langizo langa ndi lakuti aphunzire kumva, koma kuyankha aziyankha m'Chijeremani cha m'kalasi. Mayeso, malipoti a odwala ndi makalata a boma zonse zimalembedwa mu Hochdeutsch, Chijeremani cha m'kalasicho, ndipo eni ake amachimva bwinobwino. Chibavaria chilibe kalembedwe kamodzi kovomerezeka, choncho asadabwe kuona mawu amodzi atalembedwa mitundu itatu. Ngakhale Johann Andreas Schmeller anayamba kutulutsa dikishonale yake yaikulu kale mu 1827, aliyense amalembabe mmene akumvera.

Moni wokha ndiye agwiritse ntchito wa kumeneko kuyambira tsiku loyamba. Grüß Gott ndi wa ulemu kwa aliyense, Servus ndi wa anzake, Pfiat di ndi kutsanzika munthu womuzolowera, pamene kwa wamkulu anene Pfiat Eana. Gogo akamuuza Vergelt's Gott, kutanthauza kuti Mulungu akubwezere, yankho lake ndi Segn's Gott.

Kuti khutu lizolowere, azimvetsera BR Heimat pa intaneti, wayilesi ya Bayerischer Rundfunk ya nyimbo ndi miyambo ya kumidzi. Akafika asamangokhala m'chipinda: pa 1 May midzi imadzutsa mtengo wa Maibaum, ndipo Lamlungu lachitatu la October kumakhala Kirta, chikondwerero chokumbukira kupatulidwa kwa tchalitchi. Ku Passau komweko kuli chikondwerero cha Dult kawiri pachaka, mu nyengo ya May ndi September.

Nachisale, Senga Bay

Zikomo kwambiri nonse. Funso limodzi, Aphiri: akadzasamutsidwira ku Oberpfalz, malamulo aja agwirabe?

Aphiri, Kaphatenga

Ambiri agwira, koma ua amatembenuka n'kukhala ou: Bruada kumeneko ndi Brouda, Kua ndi Kou. Ndipo l uja kumpotoko sasungunuka ayi.