Dimba ndi nkhuku kuseri kwa nyumba kuno ku Joni: ndipatseni nzeru chisanu chisanafike

Abale anga, mwaswera bwanji nonse? Pepani, nkhani yanga italikirako.

Ndimakhala ku Rosettenville. Nyumba imene tikuchita lendi ili ndi kamalo kuseri, mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Mu 2023 muja mazira atasowa m'mashopu chifukwa cha chimfine cha mbalame, ndinawauza bambo a kunyumba kuti ine wokulira ku Thyolo sindingamasowe dzira chonsecho malo alipo. Eni nyumba anavomera. Tinamanga kakhola ka mapaleti, n'kugula misoti 6 ya Koekoek, zija za mawangamawanga ngati nkhanga, ndi tambala mmodzi. Mbali yotsalayo ndinadzala mpiru, bonongwe ndi nkhwani.

M'dzinja zinthu zinkayenda. Ana ankadya dzira m'mawa uliwonse, ndipo ndinasiya kukwera takisi kupita ku msika wa ku Yeoville kukangofuna masamba akwathu. Koma Juni wathayu ndinalira. Ndinagona nkhwani uli wobiriwira, m'mawa ndinaupeza utada bii, uli lende ngati wina wauthira madzi otentha. Bonongwe chimodzimodzi. Kwathu kumazizira ndithu, koma zoti madzi a nkhuku n'kuuma pamwamba m'beseni ndinaziona kuno. Nkhuku nazo zinayamba kuthothoka nthenga, mazira n'kutsika kuchoka pa 5 patsiku kufika pa limodzi, chikhalirecho chakudya chake cha leyazi ndikugula chomwecho.

Ndiye pano tili mu Epulo, mtima wayambanso kugunda. Ndidzale chiyani chopirira chisanu? Nanga nkhukuzi zinadwala kapena ndi nyengo? Chinanso, ndinathira chitosi chochokera m'khola pa bedi ya mpiru, mbande zonse zinapsa. Ndinalakwitsa pati, poti kumudzi amayi ankathira ndithu?

Za tambala ndiye zikundisowetsa tulo. Aneba adandaula kawiri kuti amawadzutsa 4 koloko. Ndi anthu abwino, ndipo ife ndife alendo m'dziko muno, sindikufuna milandu. Koma mwana wanga wamng'ono amamukonda kwambiri tambalayu.

— Asisi, tambalayo dyani basi, musachedwe. Misoti imaikira bwinobwino popanda tambala, iye ntchito yake ndi ya anapiye. Aneba akakadandaula ku khonsolo mutha kuluza nkhuku zonse, mwinanso nyumba. Mwanayo muuzeni bwino, amva. Anebawo muziwapatsirako timazira.

— Mayi, nkhukuzo sizinadwale. Mu Juni kuno dzuwa limakhalapo maola osakwana 11, pomwe nkhuku imafuna kuwala kwa maola pafupifupi 14 kuti iziikira tsiku ndi tsiku. Nthawi yomweyo ndi imene zimasintha nthenga. Pofika Seputembala zidzayambiranso zokha. Ine ku Roodepoort kuno ndimatchinga khola ndi masaka mbali yochokera mphepo, koma pamwamba ndimasiya mpata, chifukwa fungo la chitosi likatsekeredwa mkati limazipatsa chifuwa. Katemera wa chitopa musaiwale, amapezeka m'mashopu a zaulimi.

— Nkhwani, bonongwe ndi therere iwalani kaye mpaka chisanu chithe, mudzadzale kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala mvula ikamayamba. Panopa ikani repu, mpiru, sipinachi wa kunoyu wa masamba akuluakulu, anyezi ndi nsawawa. Kuthirira kuzikhala kwa m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo. Za chitosicho, chimene amayi anu ankathira chinali chowolerana. Chachiwisi chimawotcha mizu. Chiunjikeni pakona pamodzi ndi udzu wouma ndi makoko a zakukhitchini, muzitembenuza, papite miyezi itatu kapena kuposerapo. Ndipo yambani kusunga ndalama ya neti ya mthunzi, matalala a Novembala kuno amasiya mapesi okhaokha.

— Zikomo kwambiri abale anga, mtima wakhalako pansi. Za tambala takambirana ndi bambo, Lamlungu lino tidya, ngakhale mwanayo sindinamuuzebe. Chitosi ndayamba kale kuunjika pafupi ndi mpanda. Koma ndifunsenso achimwene a ku Roodepoort: katemerayo botolo lake ndi la nkhuku zambirimbiri, ine ndili ndi 6 zokha. Alipo wa cha ku Turffontein kapena La Rochelle woweta nkhuku kuti tigawane tsiku limodzi?