Asodzi a ku Monkey Bay amavotera kuti?

Abale, ndithandizeni. Kwathu ku Monkey Bay akuluakulu ambiri akadali a UDF chiyambire 1994, nthawi ya Bakili Muluzi, pomwe achinyamata ndimawaona akupendekera ku DPP. Koma chomwe chikundivuta ndi asodzi. Munthu amavotera pamalo pomwe adalembetsera, pomwe asodzi athu amatsata usipa mpaka ku Nkhotakota kapena Nkhata Bay, osabwerako msanga. Ndani angasiye chilimira m'madzi kuti akaime pamzere kwawo? Ndikufuna kuyerekeza chisankho cha pa 23 June 2020 ndi cha pa 16 September 2025, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ngati Chembe ndi Msaka. Zotsatira za MEC za senta iliyonse payokhapayokha ndingazipeze kuti? Nanga alipo wodziwa msodzi yemwe adasamutsa dzina lake, zidayenda bwanji?